Kuchokera ku Dedza kukafika ku London: kawerengedwe ka mtunda ndi maola a ulendo wa pa ndege

Mwana wa mchemwali wanga atapeza malo a maphunziro ku England, tinasonkhana pakhomo pathu ku Dedza kuti tione tikiti yomwe anamutumizira pa foni, ndipo funso loyamba linachokera kwa agogo ake: "Kodi mwanayu akakhala m'mwambamo maola angati?" Aliyense anayankha zake. Wina anachotsera nthawi yonyamukira pa nthawi yofikira n'kupeza maola 16 ndi theka. Wina anati anamva kuti ku London ndi ulendo wa maola 8 okha. Mwini ulendo naye anali ndi nambala ya mtunda yomwe anaipeza pa intaneti, koma sinkagwirizana ndi imene mnzake anapeza. Panalibe wonama pakati pawo, kungoti ankayankha mafunso atatu osiyana ngati kuti ndi limodzi: kutalika kwa mtunda, nthawi imene ndege imakhala ikuuluka, ndi nthawi yonse imene munthu amatha kuchokera pamene watseka chitseko cha kwawo mpaka pamene wafika kumene akupita.

Nditenga ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku London ngati chitsanzo chachikulu, ndipo apo ndi apo nditchula Johannesburg ndi Guangzhou, popeza anthu a kuno kwathu amapitako kawirikawiri, ena kukagwira ntchito, ena kukaoda katundu. Pepala, cholembera ndi calculator ya pa foni ndi zida zokwanira.

Mabwalo amene ulendo ukhudze

Choyamba n'kudziwa mabwalo enieni a ulendo wanu, pakuti mtunda umayezedwa pakati pa mabwalo, ndipo mzinda umodzi ukhoza kukhala ndi mabwalo angapo otalikirana. Bwalo lililonse lili ndi chizindikiro chake cha malembo atatu, chomwe chimalembedwa pa tikiti komanso pa kapepala komwe amamata pa chikwama chanu. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, ndi LLW, la ku Chileka ndi BLZ, la Bole ku Addis Ababa ndi ADD, la Jomo Kenyatta ku Nairobi ndi NBO, la O. R. Tambo ku Johannesburg ndi JNB. Ndipo la Baiyun ku Guangzhou ndi CAN. Ku London mabwalo alipo angapo, ndipo awiri akuluakulu ndi Heathrow, LHR, ndi Gatwick, LGW, omwe ndi otalikirana ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto. Wodzakuchingamirani amene mwangomuuza kuti "ndifika ku London" simunamuthandize mokwanira.

Masiku ano palibe ndege yonyamula anthu imene imachoka ku Malawi n'kukatera ku London osaima. Akuluakulu ena amakumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 kampani ya Air Malawi inali ndi ndege ya mtundu wa VC10 yomwe inkapita ku London, koma lero aliyense amasintha ndege penapake, kawirikawiri ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Motero ulendo wanu uli ndi zigawo ziwiri kapena zitatu, ndipo chigawo chilichonse muchiwerengere pachokha musanaphatikize.

Kuyeza mtunda

Dziko lapansi ndi lobulungira, ndipo njira yaifupi pakati pa malo awiri pa chinthu chobulungira imasiyana ndi mzere umene mungaujambule ndi lula pa mapu a papepala. Kuti muone zimenezi ndi maso anu, tengani kabichi wolimba bwino, wonga amene amagulitsidwa pa Lizulu, mubayepo timitengo tiwiri ta machesi motalikirana, kenaka mumange ulusi pa kamtengo kamodzi ndi kuukoka mpaka utakungika pa kachiwiri. Pamene ulusiwo wagona ndiyo njira yaifupi koposa, ndipo mukati mudule kabichiyo motsata ulusiwo, mpeni udutsa pakati penipeni n'kumugawa magawo awiri ofanana. Odziwa za maulendo amatcha njira imeneyi great circle, ndipo nambala ya makilomita imene mumaipeza pa intaneti pakati pa mabwalo awiri imakhala ya njira imeneyi.

Mapu a dziko lonse omwe ambirife tinaphunzirira ku sukulu, opachikidwa pakhoma aja, amakuza mayiko a kufupi ndi nsonga za kumpoto ndi kumwera kwa dziko, moti chilumba cha Greenland chimaoneka ngati chikulingana ndi Africa yonse, pomwe Africa ndi yaikulu kuchiposa kuwirikiza ka 14. N'chifukwa chake ndege yochoka ku London kupita ku Los Angeles, yomwe imadutsa cha ku Greenland, imaoneka ngati yasochera ikajambulidwa pa mapu otere, chikhalirecho ikutsata ulusi uja. Ife tili ndi mwayi pang'ono, chifukwa maulendo athu a ku Ulaya ndi ku South Africa amalunjika kumpoto kapena kumwera, ndipo pa njira zotere kukhota kwake kumakhala kochepa.

Ngati mabwalo awiriwo sali kutali kwambiri ndi ikweta, mzere wa pa mapu wogawa dziko pakati kumpoto ndi kumwera, mukhoza kuwerengera nokha mtunda popanda intaneti. Kuzungulira dziko lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000, ndipo popeza kuzungulira kumodzi kuli ndi madigiri 360, digiri imodzi ndi makilomita 111. Malo aliwonse ali ndi latitude, yosonyeza madigiri ake kumpoto kapena kumwera kwa ikweta, ndi longitude, yosonyeza madigiri ake kum'mawa kapena kumadzulo. Bwalo la Kamuzu lili pa latitude ya madigiri 13.8 kumwera kwa ikweta ndi longitude ya madigiri 33.8 kum'mawa, bwalo la Bole lili pa madigiri 9.0 kumpoto kwa ikweta ndi madigiri 38.8 kum'mawa. Popeza limodzi lili kumwera ndipo linzake lili kumpoto, ma latitude awiriwo timawaphatikiza: 13.8 kuphatikiza 9.0 ndi madigiri 22.8, omwe tikawachulukitsa ndi 111 atipatsa makilomita 2,531. Pa ma longitude timachotsera, pakuti onse ali kum'mawa: 38.8 kuchotsa 33.8 ndi madigiri 5, kapena kuti makilomita 555. Tsopano gwiritsani ntchito lamulo la Pythagoras lomwe ana amaphunzira ku sekondale. Chulukitsani 2,531 ndi 2,531, chulukitsaninso 555 ndi 555, phatikizani mayankho awiriwo, kenaka pezani square root yake. Mupeza makilomita pafupifupi 2,590, ndipo umenewu ndiwo mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Addis Ababa.

Njirayi musaiyese pa London. Mizere ya longitude imanka niyandikirana pamene mukulowera ku nsonga ya dziko, monga momwe mizere ya pa dzungu imakumanirana pamwamba pake, moti digiri imodzi imene kuno ndi makilomita oposa 100, ku London ndi makilomita 69 okha, ndipo masamu a Pythagoras amakupatsani yankho lolakwika. Pa maulendo otere tsegulani tsamba la Great Circle Mapper pa intaneti n'kulemba zizindikiro ziwirizo motere, LLW-LHR, kapena gwiritsani ntchito chida choyezera mtunda cha mu Google Maps kapena Google Earth. Musanakopere nambala imene yatuluka, onani muyezo wake, chifukwa apa ndi pamene mwana wa mchemwali wanga ndi mnzake anasiyanirana. Mtunda umodzi womwewo wa LLW-LHR ukhoza kulembedwa ngati makilomita pafupifupi 8,000, kapena mamailosi 4,950, kapena ma nautical mile 4,300. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.609, pomwe nautical mile, yomwe oyendetsa ndege ndi sitima za pamadzi amagwiritsa ntchito, ndi makilomita 1.852.

Makilomita 8,000 amenewa palibe amene amawayenda, poti ndege yolunjika kulibe. Wodzera ku Nairobi amayenda makilomita 1,430 kuphatikiza 6,840, omwe ndi pafupifupi 8,270. Wodzera ku Addis Ababa amayenda 2,590 kuphatikiza 5,920, omwe ndi pafupifupi 8,510. Wodzera ku Johannesburg amayamba watsikira kumwera makilomita 1,490 asanatembenukire kumpoto pa ulendo wa makilomita oposa pang'ono 9,000, ndipo onse pamodzi amafika pafupifupi 10,500, kutanthauza kuti wawonjezera makilomita 2,000 kapena kuposa poyerekeza ndi anzake awiriwo. Komabe musathamangire kunena kuti njira yaifupi pa makilomita ndiyo imafikitsa msanga, chifukwa maola odikira ndege yachiwiri akhoza kudya phindu lonselo.

Kusandutsa makilomita kukhala maola

Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu, monga Boeing 737, Boeing 787 ndi Airbus A350, zikakwera kufika makilomita 10 mpaka 12 m'mwamba zimathamanga makilomita pakati pa 830 ndi 900 pa ola. Ine ndimatenga 850 ngati liwiro lapakatikati. Gawani mtunda ndi 850, kenaka onjezerani theka la ola, chifukwa ndege imataya nthawi poyenda pansi kupita pa msewu wake wonyamukira, pokwera m'mwamba, potsika pang'onopang'ono, ndiponso podikira mpata woti itere. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, 1,490 kugawa ndi 850 ndi ola limodzi ndi mphindi 45, ndipo ndi theka la ola lija zikwana maola 2 ndi mphindi 15. Amene anakwerapo basi yodzera pa chipata cha Dedza, Tete ndi Beitbridge, n'kugona m'njira, amavutika kukhulupirira nambala imeneyi, koma ndi yoona. Kupita ku Addis Ababa masamuwo atipatsa maola 3 ndi mphindi 35, ndipo kuchokera ku Addis Ababa kupita ku Heathrow atipatsa maola 7 ndi theka.

Pochita masamuwa chenjerani ndi kadontho. Calculator ikalemba 1.75 sikutanthauza ola limodzi ndi mphindi 75. Nambala ya kuseri kwa kadontho muichulukitse ndi 60, ndipo 0.75 ikupatsani mphindi 45.

Pa maulendo aafupi theka la ola lowonjezeralo limaposa nthawi ya liwiro lenileni. Pakati pa bwalo la Kamuzu ndi la ku Chileka pali makilomita pafupifupi 245 okha m'mwamba, omwe pa liwiro la 850 ndi mphindi 17, koma ulendowo umatenga mphindi zoposa 40. Ngati ndege yanu ndi ya mapulopela, monga Q400, tsitsani liwiro lowerengera kufika cha m'ma 600. Mudzaonanso kuti nthawi yolembedwa pa tikiti imaposa pang'ono imene mwapeza, ndipo chifukwa chake n'chakuti makampani amawerenga kuyambira pamene ndege yachoka pa malo ake oimikira mpaka pamene yaima pa malo oimikira a bwalo linalo, kenaka amawonjezerapo mphindi zingapo kuti ndege ikachedwa pang'ono ifikebe m'nthawi yake.

Chinthu chachikulu chimene masamuwa sachiona ndi mphepo. M'mwamba momwe ndege zimauluka muli mikuntho yamphamvu yotchedwa jet stream, yomwe imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa ndipo nthawi zina imaposa makilomita 200 pa ola. Wakabaza amene anapalasapo njinga molimbana ndi mphepo ya mwera, n'kubwerera mphepoyo ikumukankha kumbuyo, akudziwa kale nkhaniyi: mtunda ndi womwewo, mphamvu ndi zomwezo, koma nthawi imasiyana. Choncho ndege yopita kum'mawa imafika msanga kuposa yobwerera kumadzulo, ndipo pakati pa London ndi New York kusiyanako kumafika ola lathunthu. Mu Febuluwale 2020, pa nthawi ya namondwe wotchedwa Ciara, ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747 inachoka ku New York n'kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56 zokha, pa ulendo umene nthawi zambiri umatenga maola oposa 6. Pa maulendo athu a kumpoto ndi kumwera mphepoyi imabwera cham'mbali ndipo siisintha zambiri, koma wopita ku Guangzhou adzaona kuti ulendo wobwerera walembedwa motalikirapo.

Ndege simatsatanso ulusi uja ndendende. Imayenda m'njira zimene oyang'anira za mlengalenga anakonza, imalambalala mitambo ya mabingu, ndipo imapewa mayiko amene muli nkhondo. Nkhondo itabuka ku Sudan mu Epulo 2023, mlengalenga mwa dzikolo munatsekedwa kwa ndege zonyamula anthu, ndipo ndege zambiri za pakati pa kum'mawa kwa Africa ndi Ulaya zinayamba kulizungulira, zomwe zinatalikitsa maulendo. Kukwera kwa malo nakonso kuli ndi mbali yake. Bwalo la Bole lili pa mtunda wa mamita oposa 2,300 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Dedza yomwe ndi mamita pafupifupi 2,200. Mpweya wa pamalo okwera chotero ndi wopepuka, ndipo ndege singanyamuke italemera ndi mafuta ambiri monga ingachitire pa bwalo la m'mphepete mwa nyanja. N'chifukwa chake ndege zambiri zochoka ku Addis Ababa kupita ku America zimaima panjira. Onani pa tikiti yanu ngati pali kuima kotere, pakuti ndege ikhoza kukhala ndi nambala imodzi kuchokera poyambira mpaka pothera koma n'kutera kaye pa bwalo lina, ndipo kuima kulikonse kumawonjezera pafupifupi ola limodzi kapena kuposa.

Mukafuna kudziwa nthawi imene ndege yanu yakhala ikutenga masiku apitawa, lembani nambala yake pa Flightradar24 kapena pa FlightAware, masamba a pa intaneti otsata maulendo a ndege.

Mawotchi osiyana

Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera, ngakhale ophunzira bwino. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi nthawi ya pamalo pomwepo: yonyamukira ndi ya wotchi ya pa bwalo lonyamukira, yofikira ndi ya wotchi ya pa bwalo lofikira. Dziko limazungulira madigiri 360 m'maola 24, kapena kuti madigiri 15 pa ola, ndiye dzuwa limayamba kutuluka kwa anthu a kum'mawa ndipo mawotchi awo amakhala patsogolo. Malawi ali maola 2 patsogolo pa nthawi ya UTC, yomwe ambiri amaidziwa kuti GMT, ndipo sasintha wotchi chaka chonse. Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi yofanana ndi yathu. N'chifukwa chake pa Lizulu munthu amawoloka msewu kulowa mu Mozambique osakhudza wotchi yake, pomwe wowoloka mtsinje wa Songwe kulowa mu Tanzania amaikankhira patsogolo ola limodzi. Ethiopia ndi Kenya nawonso ali ola limodzi patsogolo pathu, Dubai ali maola 2 patsogolo, ndipo China yonse, ngakhale ndi yaikulu chotero, imatsata wotchi imodzi yomwe ili maola 6 patsogolo pathu. Britain imasintha wotchi kawiri pachaka: kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala ili ola limodzi kumbuyo kwathu, ndipo miyezi yotsalayo ili maola 2 kumbuyo.

Njira imene sinandilakwitsepo ndi iyi: musanachotsere chilichonse, sandutsani nthawi zonse za pa tikiti kukhala nthawi ya ku Malawi. Tiyerekeze tikiti ya mwezi wa Julayi, yonga ya mwana wa mchemwali wanga. Nthawizi ndi chitsanzo chabe, pakuti ndandanda wa ndege umasinthasintha, ndipo zanu mutenge pa tikiti yanu. Yalembedwa kuti ndege inyamuka pa LLW nthawi ya 14:30 ndi kufika pa ADD nthawi ya 19:25, kenaka ina inyamuka pa ADD nthawi ya 01:05 ndi kufika pa LHR nthawi ya 07:00. Nthawi ya 14:30 ndi yathu kale. Pa 19:25 ya ku Addis Ababa chotsani ola limodzi, ikhala 18:25, kusonyeza kuti chigawo choyamba ndi cha maola 3 ndi mphindi 55. Pa 01:05 chotsaninso ola, ikhala 00:05, ndipo pa 07:00 ya ku London onjezerani ola, ikhala 08:00. Chigawo chachiwiri ndi cha maola 7 ndi mphindi 55. Kudikira pa bwalo la Bole, kuchokera 18:25 mpaka 00:05, ndi maola 5 ndi mphindi 40. Zonse pamodzi ndi maola 17 ndi theka, ndipo amene anapeza 16 ndi theka anaiwala ola la pakati pa Lilongwe ndi London. Agogo aja tinawayankha kuti mdzukulu wawo akakhala m'ndege maola osakwana 12, m'zigawo ziwiri, ndipo nkhawa yawo inachepako atamva kuti pakati pake atsika kaye n'kuponda pansi.

Ku Guangzhou kulakwitsa kwake kumakhala kwakukulu. Kuchokera ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 8,000, ndipo tikiti ikati kunyamuka 00:30 ndi kufika 15:45, wosadziwa amaganiza kuti akhala m'ndege maola oposa 15, pomwe m'nthawi ya ku Malawi ndi kuchokera 23:30 mpaka 09:45, omwe ndi maola 10 ndi mphindi 15. Pobwerera zimatembenuka: kunyamuka 00:30 ndi kufika 06:15 kumaoneka ngati maola osakwana 6, pomwe ndi maola 10 ndi mphindi 45. Masamu a liwiro aja amathandiza kugwira zolakwika zotere, chifukwa mukapeza kuti makilomita 8,000 ayendedwa m'maola 6, dziwani kuti wotchi yakunamizani.

Onaninso tsiku mosamala ngati momwe mwaonera ola. Matikiti amagwiritsa ntchito wotchi ya maola 24, ndipo kachizindikiro ka +1 pambali pa nthawi yofikira kamatanthauza tsiku lotsatira. Ndege ya 00:30 Lachiwiri imafuna kuti mukhale pa bwalo Lolemba usiku. Mukafika Lachiwiri usiku mupeza itapita kale usiku wathawo. Chaka china banja la anzathu a cha ku Lizulu linachita hayala minibasi kukachingamira mwana wawo ku Lumbadzi, amayi atavala zitenje zofanana, koma anatsata tsiku lonyamukira m'malo mwa tsiku lofikira. Anadikira mpaka okwera onse atatuluka, anabwerera usiku mitima ili m'mwamba, ndipo m'mawa mwake analipiranso minibasi yomweyo kachiwiri.

Wodutsa ku Addis Ababa adziwenso kuti anthu a ku Ethiopia, m'kuyankhula kwawo kwa tsiku ndi tsiku, amayamba kuwerenga maola kukacha, moti imene ife timati 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi 1 koloko. Matikiti ndi zikwangwani za pa bwalo zimatsata wotchi imene tinazolowera, choncho khulupirirani zimenezo. Foni yanu nayo ikapanda kupeza netiweki imakhalabe pa nthawi ya ku Malawi, ndipo munthu amakhala phee akuganiza kuti kwatsala ola lathunthu pomwe anzake akukwera kale.

Maola a pansi

Nthawi yodikira pakati pa ndege ziwiri muisankhe ndi maso awiri. Yaifupi kwambiri, yosakwana ola limodzi ndi theka, imaoneka yokoma pa pepala, koma ndege yoyamba ikachedwa mphindi 40 mukhoza kuphonya yachiwiri, kapena inu n'kukwera koma chikwama chanu n'kutsala. Kwa munthu woyenda koyamba, ine ndimaona kuti maola 2 mpaka 4 ndi abwino. Ngati zigawo zonse zili pa tikiti imodzi, kampani ya ndege imakhala ndi udindo wokuikani pa ndege yotsatira mukaphonya chifukwa cha kuchedwa kwa ndege yoyamba, ndipo katundu wanu nthawi zambiri amapita yekha mpaka kumapeto. Ngati mwagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, muyenera kutenga katundu wanu, kudutsa kwa oona ziphaso, mwinanso kukhala ndi viza ya dziko limenelo, n'kuyambanso mwatsopano. Apa musavomere kudikira kochepera maola 5.

Tsopano bwererani kumudzi n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Pa ulendo wopita kunja khalani pa bwalo maola 3 ndege isananyamuke, kutanthauza 11:30 pa chitsanzo chathu. Kuchokera pa boma la Dedza kufika mumzinda wa Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, ndipo ndi a ku Lumbadzi aja akwana pafupifupi 110. Pa galimoto yanuyanu ndi maola 2 kapena kuposerapo pang'ono, malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto mumzinda ndi ku Kanengo. Pa minibasi werengerani maola 4, chifukwa iyenera kudzaza kaye, imaima pa Chimbiya, pa Linthipe ndi pa Nathenje kutsitsa ndi kukweza anthu, ndipo mukafika ku depoti mufunanso takisi kapena minibasi ina. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu ya m'mawa cha ku Bembeke ndi pa Dedza imachedwetsa magalimoto. Motero kunyamuka pakhomo 7:30 m'mawa si kupupuluma ayi. Wa pa boma la Ntcheu ali pafupifupi pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, makilomita oposa pang'ono 150 mbali iliyonse, ndiye asanagule tikiti ayerekeze ndege zonyamukira ku Lumbadzi ndi za ku Chileka. Ndipo ngati ndege ndi ya m'mawa, ndi bwino kukagona kwa achibale mumzinda kusiyana ndi kudalira minibasi ya m'bandakucha.

Kuchokera 7:30 m'mawa pa Dedza mpaka 08:00 ya ku Malawi tsiku lotsatira, pamene ndege ikutera pa Heathrow, ndi maola 24 ndi theka. Onjezerani ola limodzi kapena awiri a pa mzere wa oona ziphaso ndi kudikira zikwama, kenaka ola lina la sitima kapena basi yolowera mumzinda, ndipo mufika pa maola 27 kapena kuposa, omwe osakwana theka lake ndi a m'ndege. Nambala imeneyi ndiyo muigwiritse ntchito pokonza mankhwala omwe mumamwa pa nthawi yake, zosinthira za mwana wakhanda, ndi tsiku loyamba ntchito kapena maphunziro. A kumudzi muwalembere uthenga wa nthawi ya ku Malawi, ndipo muwauze kuti asayembekezere foni pa 08:00 penipeni, koma cha m'ma 10 koloko.

Pokachingamira wobwera, funsani nambala ya ndege yomaliza, imene idzatere pa LLW kapena pa BLZ, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yofikira monga zalembedwera pa mzere womaliza wa tikiti. Nthawi imeneyo ndi ya ku Malawi kale ndipo simufunika kuisintha. Musananyamuke ku Dedza kapena ku Ntcheu onani pa foni ngati ndegeyo yanyamukadi kumene ikuchokera, popeza yochokera ku Addis Ababa imakhala m'mwamba maola oposa 3, nthawi yokwanira kuti wa galimoto yake achoke pa Dedza n'kukafika ku Lumbadzi ndege isanatere. Ikatera, mpatseni mlendo wanu mphindi 45 mpaka ola limodzi kuti adutse kwa oona ziphaso ndi a za misonkho, ndipo ngati ndi yotera madzulo ndithu, mugwirizane ndi dalaivala mtengo wodikirira musanachoke kumudzi.